Silikoni wa acético ndi wa neutro: woika pagalasi ndi uti, woika pamalata ndi uti

Anzanga amisiri, m'masitolo a zipangizo zomangira ku Ulongué, ku Moatize ngakhale mumzinda wa Tete muli machubu a silikoni, chomatira chotsekera mipata, a mitundu iwiri ofanana pamaso. Ena alembapo acético, ena neutro. Ambirife timangotola wotchipa, yemwe nthawi zambiri amakhala acético.

Onse awiri amauma ndi chinyezi cha mumpweya, osati ndi dzuwa, ndipo amayambira kunja kulowa m'kati, pafupifupi mamilimita 2 kapena 3 patsiku. Acético akamauma amatulutsa asidi yemwe uja wa m'viniga. Mukangotsegula chubu fungo lake limalasa m'mphuno. Pagalasi ndi pamatailosi osalala amagwira zolimba ndipo sachedwa. Vuto lili pazitsulo. Asidiyo amadya zinki wa pamalata komanso mkuwa, moti pamsomali pomwe munamata kuti pasadonthe ndi pomwe dzimbiri limayambira. Pasimenti napo sakhalitsa, chifukwa laimu wa m'simenti sagwirizana ndi asidi. Kuseri kwa kalilole musayese n'komwe, amawononga utoto wonyezimira uja.

Neutro ndi wodulirapo, amachedwa kuuma, koma sadya chitsulo ndipo simenti amaigwira. Kwa ine, padenga, pamafelemu a mawindo ndi pamawaya a sola palibe zokambirana, ndi neutro basi. Malata a ku Tete amafutukuka masana m'mwezi wa Okutobala, kutentha kukadutsa madigiri 40, n'kubwerera usiku, ndiye pamafunika chomatira chotamuka chomwe sichikudya pomwe chagwira. Ku Angónia m'nyengo yozizira mupatseni silikoniyo masiku owonjezera kuti aume.

Musanagule katoni yonse, yesani chubu chimodzi. Pukutani chidutswa cha lata, cha galasi ndi cha simenti, finyirani mzere pa chilichonse, dikirani masiku 7. Kenako chekani kunsonga ndi lezala n'kukoka. Akang'ambika pakati n'kusiya zotsalira zitakakamira, wagwira. Akasendeka yense ngati khoko la nthochi, pansi n'kutsala mbee, ameneyo mvula yoyamba idzamuchotsa.

Finyiraninso pang'ono papepala. Silikoni wosungunulidwa ndi mafuta, yemwe amapezeka kwambiri mwa otchipa aja, amasiya banga lamafuta mozungulira pakapita masiku ochepa, ndipo akauma amafota n'kusiya mpata. Za penti iwalani, sagwira pa onse awiri, choncho sankhiranitu wamaonekedwe omwe mukufuna m'sitolo momwemo.