Zogawa ulere pashopu ya zankhuku ku Chawama: zomwe zabweza ndalama

Chiwonetsero cha zaulimi ndi zamalonda cha ku Showgrounds mu Lusaka chimafika kumapeto kwa Julaye n'kutha pa tsiku la alimi, Lolemba loyamba la Ogasiti. Cha mu 2024 chitayandikira, ndinaodetsa zinthu zinayi zogawa ulere pashopu yanga ya anapiye ndi zakudya za nkhuku: mabolopeni, masikipa, zikwama zansalu ndi matchati olerera mabroila, nkhuku za nyama. Pa chilichonse panali dzina la shopu ndi nambala ya foni. Papita miyezi yambiri tsopano, ndipo aliyense wachilendo akalowa ndimamufunsa kuti, "Mwatidziwa bwanji?" Zomwe ndilembe pano zachokera pa mayankho amenewo.

Mabolopeni anatha msanga ndipo sanabweretse munthu ndi mmodzi yemwe. Ambiri anapita ndi ana asukulu. Imodzi ndinaipeza pa kabuthu ka mobile money itamangidwa ndi chingwe, nambala itafufutika ndi thukuta la zala.

Masikipa ndiwo anadya ndalama zambiri. Wosindikiza ankafuna kundipatsa ofiira kapena obiriwira poti ndiwo anali nawo ambiri, ine n'kukana. Muno mu Lusaka mtundu wa malaya umalankhula: ofiira anthu amati ndiwe wa chipani cha UPND, obiriwira amati wa chipani cha PF, pomwe nkhuku zimawetedwa ndi onse. Ndinasankha a buluu. Atachapidwa kangapo zilembo zinayamba kusenda, ndipo azimayi ena anandiuza mosabisa kuti amagonera. Sikipa yogonera ndani angaiwerenge? Omwe anagwira ntchito ndi amene ndinapatsa anyamata a mawilibala, onyamula matumba a makilogalamu 50 kuchoka pashopu kupita m'makomo. Iwowa tsiku lonse ali m'njira za m'komboni, nambala ili kumsana, ndipo wina woweta akawaona amawafunsa komwe atenga chakudyacho.

Zikwama zansalu anthu anazikonda kwambiri. Kuyambira pamene lamulo la 2018 linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma microns 30, ndipo m'masitolo akuluakulu thumba lonyamulira n'logula, chikwama cholimba sichitayidwa. Ndaziwona ku Soweto Market zitadzaza tomato ndi repu, zina m'minibasi ku Kulima Tower. Mtima umasangalala ukawona dzina lako likuyenda mtauni, koma ogula ndiwo zamasamba si onse ali ndi khola. Mafoni ochokera ku zikwama anali ochepa. Ine ndimaziwerenga ngati zikomo kwa kasitomala wakale basi.

Tchati ndiye nkhani ina. Ndi pepala limodzi lolimba, lokutidwa ndi pulasitiki, lokhala ndi mabokosi 42, tsiku lililonse la milungu isanu ndi umodzi yomwe broila amakulira. Pamwamba woweta amalemba tsiku lomwe anapiye afika. M'mabokosimo muli posonyeza nthawi ya chakudya cha starter, cha grower ndi cha finisher, komanso masiku a katemera wa chitopa ndi gumboro monga momwe oswetsa anapiye amalangizira. Kuseri ndinalemba za kufunditsa anapiye ndi mbaula, poti chaka chimenecho chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankathima maola ochuluka: makala ayambe ayaka bwino panja utsi uthe, khola likhale ndi polowera mpweya, ndipo anapiye akaunjikana pamodzi ndiye kuti akumva kuzizira.

Tchatichi sindinachigawe kwa ongodutsa. Ndinkapatsa wogula bokosi la anapiye, n'kulemba naye limodzi tsiku loyamba. Tsiku lina ndikuperekeza katundu kwa amayi ena ku komboni ya John Howard, ndinachipeza chitakhomedwa ndi msomali pa chitseko cha khola, chili mbuu ndi fumbi la chakudya, masiku atachongedwa ndi cholembera cha maka mpaka pa 23. Ndinafunsa kuti, "Amayi, chikukuthandizani?" Anaseka: "Mwana wanga, ndikanaiwala katemera wachiwiri pakanapanda ichi. Aneba anga achijambula pa foni." Anebawo ndi amene anatumiza uthenga pa WhatsApp sabata yotsatira kufuna anapiye.

Ubwino wa tchatichi ndi wakuti munthu amachiyang'ana m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lomwe chikumuuza kuti starter yatha, nambala yogulirako grower ili pomwepo pansi pake. Mtengo wa sikipa imodzi unkakwana matchati angapo. Vuto lake n'lakuti inki ya maka ikakhalitsa pa pulasitiki imakana kufufutika, moti ena amabwera kudzapempha china akayika anapiye atsopano. Kwa ine zimenezo si zodandaulitsa, chifukwa sabwera chimanjamanja.

Oda yomwe ndapereka mwezi uno ndi ya matchati, nambala ya foni yokulirapo kuti iwerengeke ngakhale m'khola mwamdima, ndi masikipa ochepa a anyamata onyamula katundu. Oweta nkhuku zoikira mazira akhala akufunsa chawo, koma chimenecho chifunika mabokosi a milungu osati a masiku, ndiye ndikuchikonzabe ndi mlangizi wa ziweto.