Africa Visa Openness Index: yothandiza, koma ikuthera pa boda

Amene mumakonda kukangana pa Facebook zoti Africa itsegule malire kapena ayi, pali chinthu chaulere pa intaneti choti muzichiona kaye musanayambe kutukwanana. Dzina lake Africa Visa Openness Index, amatulutsa ndi a African Development Bank mogwirizana ndi African Union chaka chilichonse kuyambira 2016. Ine ndimaigwiritsa ntchito ndipo ndimaikonda ndithu, ngakhale pena imandisiya m'malere.

Kawerengedwe kake nkosavuta. Dziko lililonse amalipatsa malikisi pakati pa 0 ndi 1 kutengera mmene limalandirira anthu ochokera m'mayiko ena a mu Africa. Ukalowa opanda viza ndi 1, viza yogula ukafika pa eyapoti kapena pa boda ndi 0.8, koma ngati mpaka upemphe usananyamuke ndiye 0 basi olo ikhale yopempha pa foni. Apa mpomwe anandigwira mtima, chifukwa Kenya italengeza kuti yachotsa viza mu January 2024 nkubweretsa ija amati eTA, chilolezo chopempha pa intaneti, yolipira madola pafupifupi 30 komanso yoti upemphe usanakwere ndege, iwowa sanatengeke ndi dzina latsopanolo ayi, anaiwerenga ngati viza yomwe ija ndipo Kenya inatsika mpaka nambala 46 mu lipoti la 2024. Mu lipoti lomwelo pamwamba panali Rwanda, Benin, Gambia ndi Seychelles, kumene munthu aliyense wa mu Africa ankalowa opanda viza.

Koma vuto nali. Index imeneyi imangoyeza kulowa ngati mlendo, masiku ochepa aja amakudindira mu pasipoti. Za kukhala, kugwira ntchito, kutsegula geni, kulembetsa mwana sukulu, zimenezo mulibe, chonsecho mkangano weniweni wa andale uli pamenepo. Mlendo wobwera kudzawononga ndalama zake sabata imodzi palibe amamukana. Amene amakanidwa ndi uja wabwera kudzakhala. Taonani protocol ya African Union ya 2018 yoti anthu aziyenda, kukhala ndi kukhazikika momasuka, mayiko opitirira 30 anasaina koma oivomereza kwathunthu ndi anayi okha, Rwanda, Niger, Mali ndi São Tomé and Príncipe, pomwe pakufunika 15 kuti iyambe kugwira ntchito. Ena amati chitetezo, ena amati ntchito zichepera eni nthaka, ku South Africa mpaka kunabadwa Operation Dudula yothamangitsa obwera. Mantha a ntchitowo ine sindiwapeputsa, munthu amene alibe ntchito ali ndi chifukwa chodandaulira, koma katundu tikumulola kudutsa pansi pa AfCFTA, mgwirizano wa malonda omasuka mu Africa, nanga mwini katunduyo bwanji? Ku West Africa a ECOWAS, bungwe la mayiko a kumeneko, anagwirizana kale mu 1979 zolola anthu awo kulowa masiku 90 opanda viza.

Chinanso, index imeneyi imawerenga zolembedwa m'malamulo osati zochitika pa geti. Dziko litha kukhala ndi malikisi abwino koma ukafika akufunsa tikiti yobwerera, adilesi ya kokafikira ndi ndalama zoonetsa, mpaka basi kukusiya.

Nyenyezi ndikupereka 4 pa 5. Ngati muli ndi ulendo, onanipo kaye kenako mutsimikizenso ku embase ya dziko mukupitalo chifukwa lipoti limatuluka kamodzi pachaka pomwe malamulo a viza amasintha nthawi iliyonse.