Viniga woyera wa 5% pochapa ndi madzi a pamjigo: ntchito yake yaikulu ili potsukuluza

Ndemanga iyi ndi ya viniga woyera, uja wooneka ngati madzi, wa m'botolo la 750 ml lolembedwa 5%. M'magolosale a pa Nchalo kapena pa Ngabu mumamupeza pashelefu ya mchere ndi mafuta ophikira, osati ya sopo. Ndamuyesa pochapa pamanja ndi madzi a pamjigo, a mu Shire komanso a mvula, pa mathaulo, matewera, mayunifolomu a sukulu ndi zitenje. Ndikumupatsa 7 pa 10. Malikisi atatu ndachotsawo ndi a zinthu zomwe anthu amamutamira koma sachita.

Vuto lomwe viniga amathetsa aliyense wochapira pamjigo kuno ku Chigwa cha Shire akulidziwa. Mumapaka sopo wamtanda, thovu silibwera, m'beseni mumayandama timibulu totuwa togwirana ngati chambiko. Mukayanika, thaulo limauma gwa ngati chikopa, ndipo malaya oyera amayamba kutuwa ngakhale mwachikicha mpaka zala kusupuka. Chimachititsa ndi calcium ndi magnesium zomwe zinasungunuka m'madzi a pansi. Ndi zomwezija zimasiya nkhoko yoyera m'ketulo. Zikakumana ndi sopo zimapanga phala lomata lomwe limakanirira mu ulusi wa nsalu, ndipo madzi okha salichotsa. Viniga ndi asidi wofooka, ndiye amasungunula phalalo n'kulitulutsa. Amathetsanso ukali wa sopo waufa wotsalira m'nsalu, womwe umayabwitsa khungu munthu akatuluka thukuta.

Kathiridwe kake ndi aka. Chapani monga mwa masiku onse. Tsukuluzani kamodzi kapena kawiri ndi madzi okha mpaka thovu lithe, n'kufinya. Kenako tungani madzi omaliza, malita 10 m'beseni la pulasitiki, muthiremo masupuni aakulu 4, omwe ndi 60 ml. Vundulani madziwo kaye musanaike zovala, kuti viniga asagwere malo amodzi. Zikhalemo mphindi 10, muzitembenuze kamodzi, mufinye, muyanike. Musatsukuluzenso. Fungo lowawasa limamveka nsalu ikadali yonyowa, koma padzuwa la kuno limatha zovala zisanaume n'komwe. Pamlingo umenewu botolo limodzi limakwana maulendo 12.

Pali chinthu chomwe ambiri sachidziwa, ndipo ndi chomwe chimachititsa ena kunena kuti viniga n'ngwabodza. Madzi a pamjigo wina amakhala ndi miyala yosungunuka yambiri moti amayamba ndi iwo kumudya vinigayo asanafike pansalu. Masupuni 4 amathera m'madzi momwemo. Ngati ketulo yanu imachita nkhoko sabata isanathe, kwezani mlingo kufika masupuni 6 kapena 8 pa malita 10 omwewo. Mudzadziwa kuti wakwana mukagwira nsalu m'madzimo: kuterera kwa sopo kumatha, nsalu imachita ngati ikulira pakati pa zala. Madzi akachita mbuu pang'ono musadabwe, ndi zotsalira zija zikutuluka. Kuipa kwake n'koti botolo limatha msanga, maulendo 8 kapena 6 basi, ndipo pamenepo mtengo umayamba kuluma.

Madzi a mchere ndi nkhani ina. Mijigo yambiri ya m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje imatulutsa madzi omveka mchere palilime, ndipo mchere umenewo viniga sauchotsa ngakhale mutathira botolo lonse. Chovala chakuda chikauma n'kutuluka mizere yoyera m'mbali mwa msoko, yesani kupukuta ndi kansalu konyowa. Ikachoka msanga, ndi mchere, ndipo mankhwala ake ndi madzi abwino otsukuluzira, osati asidi. Nsalu yokhala ndi mchere imakokanso chinyezi, n'chifukwa chake imamveka ngati sinaumitsitse nthawi ya mvula.

Pafungo la thukuta ndi pomwe ndamuyamikira kwambiri. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, malaya a wakabaza, jezi ya mpira ndi yunifolomu ya poliyesitala zimagwira fungo m'khwapa lomwe limabwereranso munthu akangovala, ngakhale zachapidwa dzulo. Sakanizani kapu imodzi ya viniga ndi makapu 4 a madzi, munyike m'khwapa ndi pakolala pokha kwa mphindi 30. Mukatero tsukuluzani ndi madzi okha, ndiye mupake sopo. Kutsukuluza kwa pakatiku musakudumphe. Viniga ndi sopo akakumana m'beseni limodzi amaphana: sopo wamtanda amasanduka timafuta toyandama, thovu limazimiririka, ndipo mwataya zonse ziwiri. Chimodzimodzi ndi soda. Kuwira kuja kumasangalatsa maso, koma kukatha m'beseni mumatsala madzi opanda mphamvu yochotsa kanthu.

Matewera ndi mathaulo amafewadi, ndipo mwayi wake n'ngwoti viniga sasiya mafuta pansalu monga amachitira mankhwala onunkhira ofewetsera zovala, choncho thewera limamwabe madzi bwino. Kafungo ka mkodzo kamachepanso.

Tsopano zomwe sachita. Anthu amati chitenje chatsopano mukachinyika mu viniga ndi mchere sichisuluka. Pa nsalu ya thonje zimenezi si zoona. Asidi amathandiza utoto kugwira pa ubweya ndi nayiloni, koma utoto wa nsalu za thonje ndi wamtundu wina. Chitenje chosuluka chimasulukabe. Chichapeni pachokha ndi madzi ozizira maulendo atatu oyambirira, muchiyanike pamthunzi chotembenuza, basi. Mwaye wa nzimbe zootcha pa ovololo, girisi wa njinga ndi mafuta a nsomba, zonsezi ndi ntchito ya sopo ndi madzi ofunda. Viniga sazigwedeza. Zovala zomwe munthu anavala popopera mankhwala m'munda wa thonje nazonso musamati viniga wapha poizoni wake. Zichapidwe pazokha, m'beseni lakelake, kutali ndi za ana ndiponso kutali ndi mjigo.

Dzimbiri la waya woyanikira kapena la zipi limachoka ngati lili latsopano: donthezani viniga wosasungunula pabanga, wazani mchere, ikani padzuwa ola limodzi, tsukuluzani. Banga lakale limangofooka pang'ono, ndipo apa madzi a mandimu amamuposa. Chuku cha zovala zomwe zinakhalitsa zonyowa, fungo lake limachoka mukanyika ola limodzi m'madzi a kapu imodzi ya viniga pa malita 5, koma timadontho takuda tija timatsala.

Mfundo iyi ndiinene motsindika chifukwa ikukhudza moyo. Viniga si mankhwala ophera tizilombo toyambitsa matenda. Kuno madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, zimbudzi zimagwa ndipo zovala ndi zofunda zimamira m'matope osakanikirana ndi zonyansa. Zovala zotere, komanso za wodwala kolera kapena matenda ena otsekula m'mimba, zimafuna klorini pamlingo womwe alangizi a zaumoyo amapereka, kapena kuziwiritsa. Ndipo klorini ndi viniga zisakumane. Mukathira viniga m'madzi a JIK kapena a klorini wina aliyense mumatuluka mpweya wa poizoni wotentha m'maso, kummero ndi m'mapapo, ndipo m'bafa yotseka ungamugwetse munthu. Tsiku lomwe mwagwiritsa ntchito JIK, viniga asatsike pashelefu. Ngakhale beseni lake litsukidwe kaye.

Za chiwiya: gwiritsani beseni kapena ndowa ya pulasitiki. Ndowa ya malata asidi amaidya pang'onopang'ono, ikayamba dzimbiri n'kumadetsa zovala zomwezo mumafuna kuyeretsa. Poto wa aluminiyamu nayenso amaonongeka mukamasiyamo madzi a viniga usiku wonse. Zovala za lasitiki, monga zamkati ndi masokosi, musazinyike nthawi yaitali kapena tsiku ndi tsiku, mphira yake imatha mphamvu msanga, ndipo dzuwa la kuno limakhala litaifooketsa kale. Neti yonyikidwa m'mankhwala a udzudzu siifuna viniga: sopo wamba, madzi ozizira, kuyanika pamthunzi. Amene ali ndi zilonda kapena ming'alu m'manja amva kulumaluma, ndiye avundule ndi kamtengo. Ochapira makina athire 120 ml m'kabokosi ka mankhwala ofewetsera, koma osati ulendo uliwonse, chifukwa mphira za makina ena sizigwirizana ndi asidi.

Pogula onetsetsani kuti ndi woyera. Viniga wofiirira uja wa pa chipisi amakhala ndi mtundu womwe ungasiye banga pa malaya oyera. Botolo lomwe ndinagula lili ndi kamwa lalikulu lopanda kabowo kochepetsera, ndiye mukathira molunjika mumapitiriza mlingo mosadziwa. Thirani pasupuni, kapena yezerani 60 ml m'kabotolo kakang'ono n'kulembapo mzere. Saonongeka msanga ngakhale kukutentha, bola mutseke zolimba ndipo mumuike pamthunzi pomwe ana safika.

Amene amachapira madzi a mu Shire kapena a mvula saona kusintha kwakukulu, chifukwa madziwo amachita thovu bwino kale. Kwa iwo botololi lingokhala la m'khwapa ndi matewera. Kwa a pamjigo, njira yomwe imatalikitsa botolo ndi iyi: chapani ndi kutsukuluza koyamba ndi madzi a pamjigo, koma madzi omaliza akhale a mvula omwe munatchera padenga m'mgolo. M'madzi amenewo masupuni 2 pa malita 10 amakwana, mchere nawo umatsukuluzika nthawi yomweyo, ndipo botolo la 750 ml limafika maulendo 25.