Gawo la zaumoyo mu pulogalamu yoyendetsera sukulu: lathandiza kwambiri, koma pepala losindikiza likuwulula zinsinsi

Sukulu yathu inagula pulogalamu ya pa kompyutayi chifukwa cha fizi ndi malipoti a mayeso. Gawo la zaumoyo linangobwera limodzi ndi zinazo, ndipo poyamba palibe ankalilabadira. Ine ndimayang'anira hositelo ya atsikana pa sukulu ya sekondale yogonera konko, ndiye udindo wolowetsa matenda a ana unagwera ine ndi amatroni. Taligwiritsa ntchito chaka cha sukulu chathunthu, ndipo ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Kale zonse zinkakhala m'kope la amatroni komanso m'mutu mwawo. Buku la kuchipatala mwana ankalisunga pansi pa sutikesi, ena ankaliiwala kwawo. Amatroni akapita kumaliro, wotsala sankadziwa kuti mwa atsikana onsewo wa mphumu ndi uti, kapena amene Bactrim amamutulutsa zidzolo thupi lonse ndi uti. Panopa mwana aliyense ali ndi tsamba lake. Pamalembedwa matenda ake, mankhwala amene amamwa ndi nthawi yake, zakudya kapena mankhwala amene thupi lake limadana nawo, chipatala chimene amapitako, ndi manambala awiri a makolo. Mukhozanso kujambula masamba a buku la kuchipatala ndi foni n'kuwaika pomwepo. Kulowetsa koyamba n'kotopetsa, musanamizidwe, koma mukamaliza mwamaliza.

Chimene chandikhutiritsa koposa n'chakuti si aliyense amaona zonse. Mphunzitsi wa m'kalasi akatsegula ndandanda wa mayina amangoona kachizindikiro kofiira pafupi ndi dzina, ndipo akadina pamatuluka malangizo afupiafupi a zoyenera kuchita mwana akadwala mwadzidzidzi. Mbiri yonse imaoneka kwa amatroni, anamwino, ine ndi ahedi basi. Akuofesi ya fizi saona kanthu. Aliyense amalowa ndi pasiwedi yake, ndipo pulogalamu imasunga dzina la amene watsegula tsamba la mwana ndi nthawi yake.

Izi si zazing'ono kwa ife amene timagona ndi ana a eni. Tili ndi atsikana amene anabadwa ndi HIV ndipo amamwa ma ARV tsiku lililonse. Mwana wotere amaopa anzake kuposa matendawo. Ena amafika pobisa botolo m'sokisi, ena amadumphitsa mankhwala chifukwa mnzake wa bedi loyandikana sanagone. Chimene mwanayu akufuna ndi munthu wamkulu mmodzi wodziwa nkhani yake, womusungira mankhwala ndi kumupatsa chilolezo chopita ku Teen Club (gulu la achinyamata amene ali ndi HIV lomwe limakumana kuchipatala) Loweruka popanda mafunso ambirimbiri. Mu pulogalamuyi tsiku lokatenga mankhwala limaoneka kwa amatroni, ndipo kwa mphunzitsi pamangolembedwa kuti mwana ali ndi chilolezo. Lamulo la HIV and AIDS (Prevention and Management) Act la 2018 limaletsa kuwulula za HIV ya munthu iye asanavomereze, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, lomwe akuliyang'anira ndi a MACRA, limaika zaumoyo m'gulu la nkhani zofunika kusamalidwa mwapadera. Sukulu imene imasiya kope la matenda pa tebulo la mu staff room ikuseweretsa moyo wa mwana, ndiponso ikuphwanya malamulo.

Malangizo afupiafupi aja atithandizanso pa nkhani ya khunyu. Ngakhale pakati pa aphunzitsi alipo amene amakhulupirirabe kuti khunyu imapatsirana kudzera m'malovu, kapena kuti wogwa umamuika supuni m'kamwa. Tinakhala pansi ndi anamwino n'kulemba zomveka: chotsani mabenchi ndi zinthu zomwe zingamuvulaze, musamukanikize, musaike chilichonse m'kamwa, akasiya kuphupha mugonekeni cham'mbali, ndipo zikapitirira mphindi 5 thamangirani naye kuchipatala. Mphunzitsi woyang'anira prep usiku amawerenga zimenezi pa foni yake, m'malo moyamba kukuwa kufunafuna amatroni.

Chikumbutso cha mankhwala nachonso n'chabwino, makamaka nyengo ya mvula malungo akavuta. LA amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo ana ambiri akangomva bwino tsiku lachiwiri amaleka. Amatroni amachonga nthawi iliyonse mwana akamwa, ndipo amene sanabwere dzina lake limatsala likuoneka mpaka atapezeka.

Nyenyezi yachisanu ndaichotsa pa zifukwa ziwiri, ndipo choyamba n'chachikulu. Pokonzekera ulendo wa masewero kapena wa kalabu, pulogalamu imalola kusindikiza ndandanda wa ana opita pamodzi ndi zaumoyo zawo. Vuto n'lakuti pepalalo limatulutsa zonse zimene wosindikizayo amaloledwa kuona. Ine ndikasindikiza, limatuluka ndi dzina la matenda ndi la mankhwala, pamene mphunzitsi woperekeza anayenera kulandira malangizo afupiafupi okha. Chinsinsi chonse chomwe chatetezedwa bwino pa kompyuta chingathe kuthera pa pepala limodzi loiwalidwa m'basi. Pakadali pano timalemba tokha pamanja zimene woperekeza ayenera kudziwa. Tinawauza ogulitsa, anatiyankha mwaulemu kuti aziona, koma temu yatha zisanasinthe.

Chachiwiri ndi intaneti. Pulogalamu yonse imadalira netiweki, ndipo kuno magetsi akazima usiku, netiweki nayonso imafooka. Mwana wa mphumu sabanika poyang'ana kuti magetsi alipo. Pakufunika njira yoti malangizo a ana odwaladwala azisungika mu foni ya amatroni n'kumatseguka ngakhale popanda bandulo. Pakali pano tili ndi envelopu yomata m'kabati yokhoma ya ku sick bay, yomwe timaikonzanso temu ikamayamba.

Palinso china chimene si vuto la pulogalamu: makolo ena salemba zoona pa fomu, poopa kuti mwana akanidwa malo kapena azisalidwa. Ife tinaona kusintha titayamba kuwaonetsa makolo pa kompyuta, tsiku lobweretsa ana a Fomu 1, zimene mphunzitsi amaona ndi zimene sangaone. Angapo anabwereranso mwakachetechete kudzawonjezera zimene anasiya.

Kwa ahedi ndi eni sukulu amene mukufuna kugula pulogalamu yotere, musamangoonetsedwa gawo la fizi. Muwauze ogulitsa alowe ngati mphunzitsi wa m'kalasi, kenako ngati amatroni, muone kusiyana kwake ndi maso anu. Asindikize ndandanda wa ulendo inu muli pomwepo. Muwafunsenso kuti mbiri ya mwana imafufutidwa liti akamaliza Fomu 4, ndipo amafufuta ndani.