Kamita ka TDS kamayeza kuchuluka kwa mchere m'madzi, koma sikanena kuti ndi mchere uti

Kachipangizo aka koyezera TDS, kutanthauza zinthu zonse zosungunuka m'madzi, kamaoneka ngati bolopeni yonenepa. Kunsonga kwake kuli tizitsulo tiwiri, chapakati pali kagalasi koonetsa nambala, ndipo tambiri timayendera timabatire tiwiri ta LR44. Anthu amakagula poganiza kuti kawauza ngati madzi a pa mjigo kapena pa chitsime ndi oyenera kumwa. Ntchito imeneyo sikaitha, ngakhale ntchito yake yeniyeni kamaigwira bwino ndithu.

Mchere wa m'khitchini ukasungunuka m'madzi umagawanika kukhala ma ayoni, tizidutswa tosaoneka ndi maso tonyamula mphamvu ya magetsi, a sodium ndi a chloride. Michere ya m'miyala ya pansi pa nthaka nayo imatulutsa calcium, magnesium, sulphate ndi bicarbonate. Ma ayoni amenewa ndi amene amalola magetsi kudutsa m'madzi. Kamitaka kamadutsitsa timagetsi tochepa pakati pa tizitsulo tija, kamachulukitsa zimene kapeza ndi nambala yoikidwa kufakitale, kawirikawiri 0.5, kenako kamaonetsa ppm, kutanthauza mamiligalamu pa lita imodzi.

Mukangokagula, kayeseni musanakakhulupirire. Sungunulani galamu imodzi ya mchere wouma mu lita imodzi ya madzi a distilled, aja othira m'batire la galimoto, osati asidi wake. Kamita kabwino kaonetsa pafupifupi 1000. Tambiri tikadutsa 999 timalemba 100 ndi kachizindikiro ka x10 pambali, ndipo osazolowera amawerenga 100 n'kumati madzi ndi abwino kwabasi. M'kapu ina ya madzi omwewo thirani supuni ya shuga. Nambala sisuntha kwenikweni, chifukwa shuga amasungunuka osagawanika kukhala ma ayoni.

Poyeza, tsukani tizitsulo ndi madzi omwe mukuyezawo, viikani masentimita awiri kapena atatu okha, gwedezani pang'ono kuti timpweya tokakamira pa tizitsulo tichoke, dikirani mpaka nambala itakhazikika. Timpweyato timatsitsa nambala. Madzi otentha amaikweza pafupifupi 2 peresenti pa digiri iliyonse, ndipo ngakhale timamita tamakono timadzikonzera tokha, timachedwa, choncho madzi a mu chigubu chimene chakhala padzuwa asiyeni azizire kaye. Kusatsuka kamita mutayeza madzi a mchere kumaipitsa muyeso wotsatira. Ndipo thupi la timamita tambiri silotchingira madzi. Kakagwera mu ndowa, kapita.

Kumene kamathandiza kwambiri ndi madera ngati Chikwawa ndi Nsanje, kumene mijigo ina imatulutsa madzi a mchere pomwe wina wapafupi uli bwinobwino. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi osapitirira 600 ppm amakoma, ndipo akadutsa 1000 amayamba kuvuta kumwa. Kulemba nambala ya mjigo umodzi mwezi ndi mwezi kumaonetsa ngati mchere ukukwera m'chilimwe. Dziwani chabe kuti 0.5 uja anatengera mchere wa m'khitchini, ndiye pa madzi odzadza bicarbonate ndi sulphate kamita kamaonetsa nambala yocheperapo kusiyana ndi yeniyeni.

Vuto lalikulu ndi lakuti nambala ngati 800 sikuuzani kuti m'madzimo muli chiyani. Akhoza kukhala calcium ndi magnesium, amene amaletsa sopo kuchita thovu ndi kusiya zoyera pansi pa ketulo, koma sadwalitsa munthu. Pomwe madzi a 200 akhoza kukhala ndi fluoride wopitirira 1.5 mg pa lita, malire a WHO, amene amathimbiriritsa mano a ana, kapena nitrate wopitirira 50 wochokera ku fetereza ndi zimbudzi zoyandikira, woopsa kwa makanda. Tizilombo ta kolera sikationa n'komwe. Wina akakuonetsani nambala yotsika n'kunena kuti simufunikanso klorini kapena kuwiritsa madzi, musamumvere.

Kuti mudziwe dzina la ayoni pamafunika mankhwala a mu labu, monga amachitira ophunzira a ku sekondale. Chloride: thirani madontho a nitric acid wosungunula kaye, kenako silver nitrate, pakakhala chloride madzi amachita zoyera ngati mkaka wowawasa, zimene zimada zikaikidwa padzuwa. Asidiyo ndi wofunika, chifukwa popanda iye carbonate nayenso amatulutsa zofanana n'kukunamizani. Sulphate: hydrochloric acid kaye, kenako barium chloride, amene ndi poizoni, ndiye sagwiridwa mwachisawawa. Nitrate ali ndi timapepala take tosintha mtundu, koma fluoride ndi bwino kupititsa madzi ku labu m'botolo lapulasitiki loyera.

Kwa komiti ya mjigo, mlimi wothirira, kapena mphunzitsi wa chemistry wofuna kuonetsa ana kusiyana kwa mchere ndi shuga m'madzi, kamitaka ndi koyenera kugula, makamaka kokhala ndi kasikuluwu kapena batani lokonzera muyeso. Amene funso lake ndi lakuti mwana angamwe madziwa, ndalamayo aigwiritse ntchito pa kuyezetsa ku labu.