Tinalipira kuti tikwere sitima patsogolo ku Durban: ndemanga yanga

Patha milungu itatu chibwerereni ku Durban, kumene ine, bambo a kunyumba ndi mayi anga tinakakwera sitima ya alendo yopita ku Portuguese Island m'dziko la Mozambique. Unali ulendo wogona masiku atatu panyanja. Anzanga a ku banki m'khonde kuno ku Chirimba akhala akundifunsa za ndalama yowonjezera imene tinalipira kuti tisaime pamzere waukulu, imene eni sitimayo amaitcha priority boarding. Ena akufuna kupita Disembala ikubwerayi, ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi m'malo moyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu. Sindikudandaula kuti tinagula, koma pali chinthu chimodzi chimene anayenera kutiuza tisanatulutse ndalama, ndipo sanatiuze.

Tinagula kudzera kwa wothandiza za maulendo wina kuno ku Blantyre. Papepala panalembedwa zinthu zinayi: mzere wathuwathu polembetsa padoko, katundu kufika msanga kuchipinda, kukwera maboti oyamba opita kuchilumba, ndi kutsika m'gulu loyamba tsiku lomaliza. Amalipiritsa munthu aliyense payekha, osati chipinda, ndiye ife tinalipira katatu. Aliyense amene wayesapo kupeza ndalama zakunja kubanki masiku ano akudziwa kuti dola iliyonse imatuluka ndi thukuta, ndipo bambo a kunyumba poyamba anakana. Ndinaumirira chifukwa cha amayi. Ali ndi zaka 76, ali ndi nyamakazi ya m'maondo, ndipo akaima nthawi yaitali mapazi amatupa mpaka nsapato kukana kuvuka.

Kulembetsa koyamba kumachitika pa intaneti musananyamuke, ndipo kumeneko ndi kwa aliyense, kwaulere. Mumalemba za pasipoti, mumaika chithunzi cha nkhope, kenako mumasindikiza tikiti ndi timapepala tomata pamasutikesi. Ine ndinakasindikiza ku Limbe n'kutikuta ndi selotepi kuti tisang'ambike. Wina asakunamizeni kuti chimenechi ndi mbali ya mwayi wolipira.

Tinanyamukira pa Chileka kupita ku Johannesburg, kenako ndege ina ya pafupifupi ola limodzi mpaka bwalo la King Shaka, ndipo tinagona ku Durban usiku umodzi. Ndikuchonderera aliyense wochokera kuno kuti afike tsiku lathunthu sitima isananyamuke, makamaka oyenda pabasi kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, kumene chipata chokha chingakudyereni theka la tsiku. Sitima sidikira munthu, ngakhale amene walipira kukwera patsogolo. Chabwino n'chakuti nthawi ya Malawi, South Africa ndi Mozambique ndi imodzi, wotchi simuigwira.

Tinafika padoko cha m'ma 10 koloko m'mawa. Nyumba yokwereramo ndi yatsopano, inapatsidwa dzina la Nelson Mandela ndipo pulezidenti Cyril Ramaphosa anaitsegula mu 2023. Ndi yaukhondo, m'kati muli kamphepo kozizira. Koma kutentha kwa Durban m'Januwale si kwa kuno kwathu. Ndi kutentha kwachinyezi, kokhala ngati kwa ku Nsanje mvula itangokata, thukuta losauma. Mzere wa anthu wamba unali utatulukira kale panja, mabanja athunthu, ana akulira, azigogo atakhalira masutikesi. Ife tinasiya katundu kwa onyamula, tinaonetsa tikiti, n'kutilozera kanjira kapambali. Amayi anandigwira mkono n'kunena chapansipansi kuti, "Mwanawe, tikuwadutsa anthu onsewa? Sitikulakwa?" Ndinawauza kuti tinalipira, koma ndinaona kuti mtima wawo sunakhazikike mpaka titalowa m'kati. Anakula m'nthawi imene wodumpha mzere kuchigayo ankatchedwa wopanda mwambo.

Pa tebulo lolembetsera sitinachedwe. Anaona mapasipoti, anatsimikiza zithunzi, n'kutiuza za khadi ya m'sitima. Khadi imeneyi ndiyo kiyi wa chipinda, ndiyo chiphaso chotulukira ndi kulowera m'sitima, ndiyonso chikwama chanu, chifukwa m'kati simugwira ndalama pamanja. Chilichonse chimene mwagula chimalembedwa pa khadiyo m'madola.

Pamenepo m'pamene mwayi wathu unayamba kuchepa. Makina ounika katundu wa m'manja ndi omwewo kwa aliyense. Aboma oona za olowa ndi otuluka sadziwa za priority ya kampani, iwo amaona pasipoti n'kudinda, chifukwa mukutuluka m'dziko la South Africa. Zimenezi n'zomveka ndipo sindikuziwerengera ngati cholakwa. Chimene chinandipweteka n'chakuti pamalo odikirira a ife olipira mipando inali itatha. Mzere wapaderawu si wa ogula okha ayi. Mumalowanso a zipinda zodula kwambiri komanso amene akhala akukwera sitima za kampaniyo kambirimbiri, ndipo iwowo amaitanidwa ife tisanaitanidwe. Ndiye kutsogolo kuli kutsogolo kwinanso. Amayi anaima atatsamira chipilala kwa mphindi ngati 15, mpaka mtsikana wina wogwira ntchito pamenepo anawaona n'kuthamanga kukatenga mpando.

Mtsikana yemweyo ndi amene anandiuza chimene ndatchula poyamba chija. Anandifunsa chifukwa chake sitinapemphe chikuku cha odwala. Anati munthu wovutika kuyenda, mukadziwitsa kampani nthawi ikadalipo, amamulandira ndi chikuku pakhomo n'kumulowetsa mpaka m'sitima osaima pamzere, ndipo salipira kalikonse. Ndinamva kutentha m'mutu. Pogula ndinafotokoza bwinobwino kuti chondidetsa nkhawa ndi maondo a amayi. Wogulitsayo anangoti mwayi wolipirawu ndiwo yankho. Kaya sankadziwa kaya anasankha kusanena, koma munthu amene ntchito yake ndi yogulitsa maulendo ayenera kudziwa zimenezi. Pali makolo ambiri kuno amene ana awo akufuna kuwaonetsa nyanja yamchere kamodzi m'moyo, ndipo n'kulakwa kuwagulitsa thandizo limene likanaperekedwa mwaulere.

Ngakhale zinali choncho, pofika 11 koloko tinali m'sitima. Zipinda zinali zisanakonzeke, popeza m'mawa womwewo anthu a ulendo wapitawo anali atangotsika. Tinapita kodyera, ndipo apa ndiyamikire. Malo onse anali mbee, tinasankha tebulo la pawindo loyang'ana doko, amayi anadya mosathamangitsidwa miyendo itasanjikidwa pampando. Pofika 1 koloko chipinda chomwecho chinali ngati msika wa Limbe tsiku lamalipiro, anthu akuzungulira ndi mbale m'manja kusowa pokhala. Maola awiri abata amenewo sanalembedwe papepala, koma ndi amene ndinawakonda tsiku limenelo.

Za katundu ndiye lonjezo silinakwaniritsidwe. Masutikesi athu awiri anafika masana, koma ya amayi inafika usiku titadya kale, pamene anansi athu amene sanalipire kanthu anali atalandira zawo kalekale. M'sutikesi ya amayiyo munali mankhwala awo a BP. Ndinapita kawiri ku ofesi ya alendo, ndipo kawiri konse anangondiuza kuti ndidikire. Palibe anapepesa, palibe anafotokoza. Mankhwala, mapasipoti, chaja ndi chovala chimodzi chosinthira muzinyamule m'chikwama cha m'manja, mwalipira kaya simunalipire.

Sitima isananyamuke aliyense amayenera kukaonekera pamalo ake osonkhanira pangozi ndi kuphunzira kuvala jekete yoyandamitsa. Apa palibe wolemera kapena wosauka, ndipo ndinakondwa kuti zili choncho. Lamulo lakuti zimenezi zizichitika sitima isanachoke padoko kapena ikangochoka linakhwimitsidwa pambuyo pa ngozi ya Costa Concordia ku Italy mu 2012, imene inapha anthu 32. Amayi anamvetsera mwachidwi kuposa tonse, ndipo usiku anandifunsanso kuti ndiwaonetse pamene majekete ali m'chipinda.

Tsiku lofika ku Portuguese Island ndi limene ndalama yathu inaoneka ntchito yake. Kachilumbaka kali pafupi ndi Inhaca, pakamwa pa gombe la Maputo, ndipo kalibe doko loti sitima yaikulu chonchija n'kukocheza. Sitima imaima patali, anthu amapita kumtunda pa maboti ang'onoang'ono, gulu ndi gulu. Anthu masauzande, maboti owerengeka. Osalipira amatenga manambala n'kumadikira kuitanidwa, ndipo ena amene tinacheza nawo madzulo anati anafika kumchenga dzuwa lili paliwombo. Ife tinali m'maboti oyambirira, nyanja ikadali yodekha, mchenga usanayambe kuotcha mapazi.

Amayi ataona botilo likuvina m'mbali mwa sitima, anaseka kwa nthawi yoyamba chiyambireni ulendo. Anati zawakumbutsa Ilala. Ali mayi wachitsikana anapitako ku Likoma ndi amayi anzawo a mpingo wa Anglican kukapemphera ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's, ndipo m'zaka zimenezo Ilala inkaima patali, anthu n'kumatsikira m'maboti pamodzi ndi matumba a ufa, nkhuku ndi malata. Sitima imeneyo yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, ndipo amayi amaitchula ngati wachibale. "Kumeneko ndiye kunalibe zoti woyamba ndani," anatero, "wamphamvu ndiye ankatsika." Kenako anakhala chete, n'kuwonjezera kuti, "Lero mphamvuzo ndilibe, mwanawe." Anyamata awiri a m'sitima anawagwira uku ndi uku, kudikira kuti funde likweze boti, n'kuwatsitsa bwinobwino ngati mayi wawo. Panalibe wowakankha kumbuyo, panalibe wowathamangitsa. Ndikanakhala kuti ndinalipira chifukwa cha mphindi imeneyo yokha, sindikanawerenga ndalama. Chikuku chaulere chija sichikanatithandiza apa, chifukwa chimathera pakhomo la sitima, ndipo bambo a kunyumba anavomereza okha zimenezi tili m'botimo.

Amayi anaviika mapazi m'nyanja ya Indian, analawa madziwo ndi chala n'kutsimikiza kuti ndi amcheredi. Anadzaza kabotolo koti akaonetse adzukulu.

Pobwerera kusitima mwayi uja kunalibe. Mzere unali umodzi, pamchenga, padzuwa, ndipo mphepo inali itayamba kukuntha moti maboti ankachedwa. Papepala sanalembe kuti mwayiwu ndi wopita kokha. Tikanadziwa tikananyamuka msanga anthu asanayambe kubwerera. Dziwaninso kuti nyanja ikakwiya woyendetsa sitima akhoza kuletsa maboti onse, ndipo zikatero gawo limeneli la ndalama zanu lapita ndi madzi. Funsani musanagule ngati amabweza.

Tsiku lomaliza linayenda bwino kwambiri. Usiku wake mumaika masutikesi panja pa chitseko mutamata mapepala amtundu umene mwapatsidwa, ndipo m'mawa amaitana anthu potsata mitunduyo. Ife tinali m'gulu loyamba. Tinadutsa kwa aboma, tinapeza katundu yense ali pamodzi, ndipo tinakwera galimoto ya ku King Shaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda, anthu ambiri akadali m'sitima. Kwa munthu wa ku Durban kutsika mochedwa ndi kungotopa chabe. Kwa ife a ku Blantyre n'kosiyana, chifukwa ukaphonya ndege ya ku Johannesburg waphonyanso ya ku Chileka, ndiye ugone kumeneko, ulipire hotela ndi tikiti ina ndi ndalama zakunja zimene ulibe. Mwayi wotsika msanga unatichotsera mantha amenewo.

Anzanga awiri achinyamata amene akufuna kupita okha ndawauza kuti asagule. Alembetse pa intaneti msanga, asankhe nthawi yoyambirira yofikira padoko, anyamule madzi akumwa, ndalamayo akadyere kuchilumba. Amene akutenga kholo kapena ana aang'ono, kapena amene ndege yawo yobwerera ili pafupi ndi nthawi yotsika, ndawauza kuti agule, koma ayambe afunsa mafunso atatu amene ine sindinafunse: kodi chikuku n'chaulere, kodi boti lobwerera lilinso ndi mzere wapadera, ndipo kodi n'zotheka kugulira anthu awiri okha m'malo mwa banja lonse.

Wogulitsa uja ndinamuyendera titabwerako ndipo ndinamufotokozera zonsezi maso ndi maso. Anamvetsera, analemba m'kabuku kake, ndipo anati adzafunsa ku kampani. Amayi nawo ayamba kale kunena zoti ulendo wina tidzatenge mng'ono wawo wa ku Chiradzulu, amene amayendera ndodo. Ndawauza kuti tiyambe tasonkha, koma kalata yopempha zikuku ziwiri ndidzaitumiza tsiku lomwelo logula matikiti.