Google Sheets pa ndalama za wophunzira wa ku koleji: ndi yabwino, koma bajeti mudzipangire nokha

Munthu wapantchito amalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Wophunzira wa ku koleji sizimuyendera choncho. Ngongole ya maphunziro kapena thandizo la makolo limabwera pakamodzi semesita ikamayamba, kenako kuli zii mpaka semesita ina. Chida chosungira bajeti chimene sichiganizira zimenezi chimamusocheretsa, ndipo apa ndi pamene tikuyezera Google Sheets, pulogalamu ya Google yolembera ndi kuwerengetsera manambala m'timabokosi.

Zabwino zake n'zosabisika. Ndi yaulere, imangofuna akaunti ya Google, yomwe imabwera ndi malo a 15 GB, ndipo fayilo ya bajeti ndi kanthu kakang'ono zedi pamalo amenewo. Ilipo kuyambira 2006. Sifuna kuti muilumikize ku akaunti yanu ya kubanki, ndipo zolemba zanu mukhoza kuzitsitsa n'kuzitsegula mu Excel. Izi n'zofunika: app yotchuka ya bajeti ya Mint inatsekedwa mu 2024, ndipo amene ankaidalira anayenera kusamuka.

Chokhumudwitsa ndi bajeti yokonzeratu ya "Monthly budget" imene ambiri amayambira. Ili ndi masamba awiri, Summary ndi Transactions, ndipo imaoneka bwino ndithu. Koma imawerengera mwezi umodzi basi. Mukalowetsamo ndalama za semesita yonse, mwezi woyamba imakuonetsani ngati munthu wolemera, miyezi yotsatira ngati woluza. Mtima umakhala pansi pa nthawi imene mumafunika kuchenjera kwambiri.

Tsegulani fayilo yopanda kanthu m'malo mwake. Patsamba loyamba ikani madanga anayi: A tsiku, B chimene mwagula, C gulu, D ndalama. Magulu asapitirire asanu ndi limodzi, monga chakudya, mayendedwe, intaneti, zakusukulu, zaukhondo ndi zina. Akachuluka, mumatopa n'kusiya kulemba.

Tsamba lachiwiri ndiye mtima wa zonse. Mu B1, kabokosi koyamba ka danga B, lembani ndalama zonse zimene mwalandira. Mu B2 lembani zimene sizikambirana, monga fizi ndi lendi ya semesita yonse, ngakhale musanalipire. Mu B3 ikani gawo limodzi mwa magawo 10 a zotsalazo kuti likhale la pangozi, ndipo ndalamazo muzisunge padera zenizeni, osati papepala pokha. B4 iphatikize danga D lonse la tsamba loyamba. Mu B5 lembani tsiku lotsekera semesita, ndipo B6 iwerenge masabata otsala motere: =ROUNDUP((B5-TODAY())/7,0). Pomaliza B7 ikhale =(B1-B2-B3-B4)/B6. Nambala ya mu B7 ndi ndalama zimene mungadye sabata iliyonse mpaka kutseka. Mukamwaza lero, imatsika pompopompo, ndipo mumaona kuti masabata onse otsala apwetekeka. Fizi ndi lendi musazilembenso patsamba loyamba, kuopa kuzichotsera kawiri.

Ndalama za ganyu muziwonjezere mu B1 zikalowa m'manja, osati zikalonjezedwa. Ndi bwino kuwonjezera danga la maola amene mwagwira. Ganyu wina amaoneka wonona, koma mukachotsa mayendedwe n'kugawa ndi maola, mumapeza kuti akukudyerani nthawi yowerenga pachabe.

Zimene zimasokonekera n'zochepa koma zimabwerezabwereza. Fomula yophatikiza ndalama za gulu limodzi patsamba loyamba, ngati =SUMIF(C:C,"chakudya",D:D), simasamala za zilembo zazikulu kapena zazing'ono, koma mukasiya mpata kumapeto kwa mawu, mzere umenewo suwerengedwa, ndipo palibe chenjezo. Mankhwala ake ndi kuika dropdown, kamndandanda kosankhapo, pa danga C kuti muzisankha gulu m'malo molemba. Nambala imene mwailemba pamodzi ndi mawu imasanduka mawu wamba. Muidziwa chifukwa imatsamira kumanzere kwa kabokosi pamene nambala zenizeni zimatsamira kumanja. Masiku nawo amapusitsa: fayilo ikakhala pa locale (kalembedwe ka dziko) ya United States, 03/04 ndi 4 Malichi, osati 3 Epulo, ndipo B6 imalakwa ndi mwezi wathunthu. Konzani zimenezi pa File, kenako Settings, musanalembe chilichonse. Tsiku lotsekera likafika, B7 idzaonetsa #DIV/0! chifukwa masabata atha. Sikuti fayilo yawonongeka.

Vuto lalikulu, lomwe silikonzeka kwenikweni, ndi foni. Timabokosi n'tating'ono, chala chimaphonya, ndipo n'kosavuta kufufuta fomula mosadziwa. Tetezani tsamba lachiwiri ndi Protect sheets and ranges pakompyuta, musankhe kuti izikuchenjezani musanasinthe kanthu. Ena amalumikiza Google Forms kuti azilemba zogula mwachangu, ndipo zimathandizadi, koma fomu situmiza popanda intaneti. App ya Sheets payokha imagwira ntchito popanda intaneti ngati munayatsiratu Available offline pa fayiloyo.

Sheets sikukumbutsani kulemba, ndipo sidziwa chimene mwagula ngati simunaiuze. Amene akufuna chida chodzilembera chokha sakhutira nayo. Koma kwa wophunzira amene angapatule mphindi ziwiri madzulo aliwonse, ndi ola limodzi pakompyuta semesita ikamayamba, ife tikuivomereza ndi mtima wonse, bola fayiloyo ikhale yowerengera masabata otsala, osati mwezi.